Kumene mlendo amalipira kuti agone pa chilumba

Munthu akaima pa gombe la Cahora Bassa mbali ya ku Maravia dzuwa litapendeka, amaona tizilumba tili apo ndi apo pakati pa madzi. Tina ndi miyala yokhayokha, tina tili ndi mitengo. Ana a masiku ano amayesa tinalengedwa choncho. Koma akuluakulu akudziwa kuti timeneti ndi nsonga za mapiri ndi zitunda zimene zinatsala pamtunda pamene khoma la ku Songo linatsekedwa mu Disembala 1974, madzi a Zambezi nayamba kubwerera m'mbuyo. Pansi pa madziwo pali minda, madimba ndi manda a makolo a anthu oposa 25,000 amene anasamutsidwa kuti nyanjayi ikhalepo.

Lero odziwa tizilumbati ndi asodzi, ng'ona ndi mbalame basi. Komatu kwina chilumba ndi chuma. Alipo anthu a ndalama amene amauluka usiku wonse kuchokera ku Ulaya kapena ku America kuti akagone masiku asanu kapena sabata imodzi pa chilumba, m'nyumba ya iwo okha ndi ana awo, antchito akuwaphikira, kuwachapira ndi kuwalerera ana. Wofuna kuona m'mene malonda amenewa amayendera sayenera kukafika ku nyanja ya mchere ayi. Pa nyanja ya Malawi, imene a ku Mozambique amaitcha Niassa, pali chilumba cha Likoma.

Kuchokera ku Fingoe ulendo wake ndi wa masiku angapo. Munthu amatulukira pa Bene, pamene pamadutsa msewu waukulu wochokera ku Tete, nakhotera kumpoto. Amadinditsa pasipoti pa Cassacatiza, nalowa m'Zambia pa Chanida, kudutsa Katete ndi Chipata, nkudinditsanso pa Mwami ndi pa Mchinji. Mbali imeneyi ambiri a ku Maravia akuidziwa, pakuti nthawi ya nkhondo anathawira komweko, ena mpaka ku Ukwimi, kumene nthawiyo kunali m'boma la Petauke, nabwerera mtendere wa 1992 utakhazikika. Kuchoka ku Lilongwe ndi basi mpaka ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko munthu amakhala pansi kudikira sitima.

Sitima yotchuka ndi Ilala. Inapangidwa ku Scotland, nibwera nayo zidutswazidutswa, kudzailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Tsiku lake likakwana, pa doko pamakhala piringupiringu: matumba a chimanga, malata, simenti, makreti a zakumwa, nkhuku, ana kumbuyo. Zonsezi zikupita ku chilumba, chifukwa Likoma salima chakudya chokwanira anthu ake. Kwa zaka zambiri sitimayi inkaima patali ndi gombe, anthu ndi katundu nkumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, kenaka kuvuula m'madzi ofika m'chiuno, thumba lili pamutu.

Alendo a ndalama aja zimenezi samazidziwa. Iwo amakwera kandege kakang'ono ku Lilongwe, ndipo pakatha ola limodzi amakhala atatera pa bwalo la ndege la pa chilumbapo, galimoto ikuwadikira.

Likoma ndi waung'ono, masikweya kilomita 18 okha. Munthu wa miyendo yolimba atha kuchoka kumpoto kukafika kumwera tsiku lisanapendeke. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 m'boma lonse la Likoma, kuphatikiza a pa chilumba chinzake cha Chizumulu. Nthaka yake ndi ya miyala ndi mchenga, ndipo mitengo imene imaoneka kwambiri ndi milambe ndi mango. Anthu amalima chinangwa, nsima yake ndi kondowole, ndiwo ndi usipa. Chinyanja chimene amalankhula chili ndi kamvekedwe kake, koma munthu wa ku Chiputo kapena ku Malowera atha kugula, kufunsa njira ndi kucheza popanda womasulira.

Chodabwitsa ndi ichi: chilumbachi ndi cha Malawi, koma madzi ochizungulira ndi a Mozambique. Ukaima kummawa kwake umaona mapiri a Niassa ali pafupi zedi, ndipo mudzi wa Cobue uli pa mtunda wosafika makilomita 10. Nkhuni zambiri zophikira pa Likoma zimachokera kutsidyako pa ngalawa za matanga. Chinachititsa ndi mishoni. Amishonale a Chingerezi a UMCA anakhazikika pa chilumbachi mu 1885, ndipo pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana dziko mu 1891, gombe la kummawa linapita kwa Apwitikizi koma zilumba ziwirizi zinatsalira Angerezi. Anthu okhala m'malire safuna kufotokozeredwa kuti mzere wojambulidwa ndi azungu pa pepala umadula bwanji pakati pa mwana ndi amalume ake.

Amishonalewo anasiya chinthu chimene mlendo aliyense amapita kukaona, tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, anayamba kupemphereramo mu 1905, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Miyala anaswa pa chilumba pomwepo, ndipo amene anasenza ndi kumanga ndi eni dera. Munthu wozolowera matchalitchi a udzu a kumudzi akalowamo amayamba wayang'ana kudenga, kukamwa kuli yasa. Sukulu za mishoni zinachititsanso kuti Likoma atulutse aphunzitsi, makalaliki ndi ansembe ambiri amene anakagwira ntchito mpaka ku Zambia, Zimbabwe ndi Joni.

Tsono kumwera kwa chilumbachi, pakati pa matanthwe ndi mchenga woyera, kuli malo ogona alendo otchedwa Kaya Mawa. Dzina lokhalo limaseketsa. Kumudzi mawu amenewa ndi a munthu wa ngongole amene wapezedwa pakhomo alibe kanthu m'thumba. Kuno asanduka chikwangwani choitanira anthu otopa ndi wotchi, amene akufuna malo oti chilichonse chitha kudikira mawa. Nyumba zake anazimanga ndi manja anthu a pa chilumbapo, ndi miyala ya pomwepo, nkufolera ndi udzu.

Chapatali pang'ono ndi zinzake pali nyumba imodzi yaikulu yotchedwa Ndomo, ya zipinda zogona zinayi, yokhala ndi dziwe lake losambiramo ndi gombe pakhomo. Imeneyi sabwereketsa chipinda chimodzichimodzi. Banja limodzi limatenga yonse, pamodzi ndi antchito ake: wophika, wokonza m'nyumba, mlezi wa ana. Mtengo wake amawerengera m'madola a ku America, ndipo pa malo a mtundu umenewu munthu mmodzi amalipira madola mazana angapo pa usiku umodzi. Wowerenga atha kuwerengetsa yekha kuti banja la anthu asanu ndi atatu likagona sabata, ndi ng'ombe zingati zimene zatuluka m'khola.

Nanga amagulanji ndi ndalama zonsezo?

Tsiku la banja lotere limayamba mochedwa. Pamene iwo akudzuka, wophika amakhala atafika kale kusanache, buledi ali mu uvuni, zipatso zitasendedwa. Wosesa wachotsa masamba pa mchenga, mipando yayalidwa kuyang'ana kumadzi. Bambo ndi mayi amamwa khofi ali pa khonde, osanena zambiri. Agogo, ngati abwera nawo, amakhala pa mthunzi ndi buku. Ana ndiwo amathamangira ku nyanja, mlezi ali pambuyo ndi zipewa ndi mafuta odzola kuti dzuwa lisawawambe, pakuti khungu lawo silichedwa kupsa.

Dzuwa likakwera amavala magalasi oonera pansi pa madzi nakayandama pafupi ndi miyala. Madzi a ku Likoma ndi oyera mbee, munthu amaona pansi ngati akuyang'ana m'chidebe. M'miyalamo muli tinsomba totchedwa mbuna, ta buluu, ta chikasu, ta mizeremizere. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri sipezeka kwina. Msodzi sataya nthawi ndi mbuna, ndi tating'ono, sitidzaza mbale. Mlendo wabwera ulendo wonsewo kudzangotiyang'ana, osagwira ndi kamodzi komwe.

Masana chakudya chimawapeza pamene ali. Akafuna kudyera pa mchenga, tebulo limapita pa mchenga. Akafuna kupita ndi boti ku gombe lina lopanda anthu, chakudya chimalongedzedwa m'bokosi la ayezi nkuwatsata. Tsiku lina amakwera galimoto kukaona tchalitchi chija ndi msika wa pa Mbamba, ana akudabwa ndi usipa woyanikidwa pa thandala. Lamulungu ena amakalowa nawo mapemphero kuti akamve kwaya. Akachita mwayi amapeza anyamata akuvina malipenga, atavala zoyera ngati asilikali a kale.

Madzulo ndiye pachimake. Nyali zimayatsidwa pa mchenga, moto ukuyaka pambali, nsomba ya chambo kapena kampango ili pa mbale. Kutali pa nyanja pamaoneka mzere wa nyali za asodzi a usipa, ndipo alendo amatulutsa makamera. Kwa iwo ndi zokongola. Kwa amene ali m'bwato ndi ntchito ya usiku wonse, ndipo mwera ukauka ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Munthu akaziona bwino, zimene banjali lalipira ndi zinthu zimene wa kumudzi saziwerengera ngati katundu: bata, mdima wa usiku wokhala ndi nyenyezi, madzi oyera, nsomba yogwidwa lero, ndi kukhala pamodzi agogo, makolo ndi adzukulu popanda wothamangira ku ntchito. Kwawo zimenezi zinasowa. Mwana amakulira ku sukulu ya mkaka, agogo amakhala mzinda wina, banja limaonana pa Khirisimasi. Chimene kumudzi chimachitika madzulo alionse pa bwalo, iwo amachisungira ndalama chaka chathunthu.

Koma bata limenelo silidzipanga lokha. Lili ndi manja kumbuyo kwake, ndipo manjawo ndi a anthu a m'midzi yoyandikana nayo. Ntchito ya m'nyumba yotere ndi yovuta mwa mtundu wake. Wantchito ayenera kukhala pafupi kuti akaitanidwa amve, komanso patali kuti asaoneke. Ayenera kudziwa kuti mwana uyu sadya mtedza chifukwa umamutupitsa, kuti agogo aja safuna mchere wambiri, kuti bwana akatseka maso pa mpando si nthawi yofunsa za chakudya cha madzulo. Wophika amene kwawo amadya kondowole ayenera kudziwa kuphika zakudya za ku Italy ndi ku India. Woyendetsa boti ayenera kudziwa mphepo, injini ndi Chingerezi.

Za mlezi ndiye zimakhudza mtima. Mayi amasiya ake kunyumba ndi agogo awo kapena ndi mwana wamkulu, nakatha tsiku lonse akuyang'anira mwana wa eni, maso ali pa madzi kuti asapite pakuya. Sabata ikamatha kamwanako kamakhala katazolowera, katadziwa kunena "zikomo" ndi "bwera", ndipo tsiku lonyamuka kamalira kukakamira chitenje. Mawa lake kumabwera kena, dzina lina, chilankhulo china.

Ngakhale zili choncho, ntchito zimenezi anthu amazilimbirana, ndipo chifukwa chake nchomveka. Pa chilumba pamene munda ndi wa miyala ndipo nsomba zikucheperachepera, malipiro a pa mwezi ndi chinthu chachikulu. Munthu mmodzi wolembedwa ntchito amanyamula anthu ambiri: fizi ya mwana wa mlongo wake, mankhwala a mayi ake, malata a nyumba. Msodzi amapeza pogulitsa nsomba yaikulu pa mtengo wabwino, wa dimba amapeza wogula tomato ndi masamba. Mu 2006 panatsegulidwanso malo a ntchito za manja otchedwa Katundu, kumene amayi amasoka nsalu za mikanda ndi kupanga zokongoletsera nyali kuchokera ku mabotolo otayidwa, zina nkumagulitsidwa kunja kwa dziko.

Kuipa kwa malonda amenewa nkwakuti mwini wake weniweni ndi mlendo, ndipo mlendo ndi wamantha. Mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka mabwalo a ndege, malo ogona alendo m'maiko onse ozungulira anakhala pululu miyezi yambiri, antchito ambiri nabwerera ku khasu ndi ku ukonde. Ku Cabo Delgado zinaposa apo. Chilumba cha Vamizi, m'zilumba za Quirimbas, chinali ndi nyumba za mtundu womwewu zotchuka dziko lonse, mabanja olemera akubwera pa ndege zawo. Nkhondo imene inayamba mu 2017 itafika pa zilumbazo mu 2020, alendo anali atathawa kale. Mwini ndalama amakatsegula kwina. Wophika ndi mlonda amatsala pomwepo.

Palinso nkhani ya gombe, imene imabuka kulikonse kumene nyumba zotere zamangidwa, ku nyanja ya Malawi ngakhale ku nyanja ya mchere. Mlendo walipira kuti asaone anthu. Koma gombe lokongola kwa mlendo nthawi zambiri ndi lomwelo limene lili ndi dooko labwino, pamene amayi amachapa ndi kutunga madzi, pamene asodzi amakocheza ndi kuyanika makoka. Pamene eni malo ndi eni mudzi anakhala pansi poyamba nagwirizana za njira ndi malire, anthu amakhalirana bwino. Pamene sanatero, mpanda umamera usiku, ndipo mayi amene ankayenda mphindi zisanu ndi ndowa amayamba kuyenda ola.

Apa ndi pamene nkhani ya ku Likoma ikukhudzira anthu a ku Maravia. Nyanja ya Cahora Bassa ndi yaikulu, yotalika makilomita oposa 200 kuchokera ku Songo kukafika ku Zumbo, ndipo gombe lake la kumpoto mbali yaikulu lili m'boma lino. Alendo anayamba kale kubwera, makamaka a ku South Africa ndi Zimbabwe, kudzawedza mcheni, nsomba ya mano akuthwa ija imene iwo amaitcha tiger. Amaigwira, kuijambula, nkuibwezera m'madzi, zimene msodzi wa kuno amaziona ngati misala. Pali kale malo angapo ogona alendo m'mbali mwa nyanjayi. Sangasambe momasuka ngati ku Likoma chifukwa cha ng'ona ndi mvuu, koma bata lilipo, zilumba zilipo, ndipo kutsidya kuli nkhalango ya Magoe imene boma linaisandutsa paki mu 2013. Munthu wobwera ndi galimoto ndi mapepala kudzafunsa za chilumba kapena ndomo ya gombe sadzakhala wachilendo.

Tsiku limenelo ndi bwino anthu adzakhale akudziwa zimene malamulo ananena. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa ndipo sigulidwa. Mfumu kapena munthu wina aliyense amene angati wagulitsa chilumba wagulitsa chinthu chimene si chake. Lamulo la malo la 1997 linavomereza kuti mudzi umene wakhala ukugwiritsa ntchito malo mwa mwambo uli ndi ufulu pa malowo ngakhale ulibe pepala, ndiponso kuti wofuna malo a bizinesi asapatsidwe chilolezo chija amati DUAT anthu a m'deralo asanafunsidwe. Chilolezocho malire ake ndi zaka 50, ndipo chitha kuwonjezedwa. Lamulo lomwelo linaika mtunda wa mamita 250 kuzungulira madamu ndi nyanja zake m'gulu la malo otetezedwa, kumene munthu sapatsidwa DUAT koma chilolezo chapadera cha ntchito imene watchula. Mu 2022 boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya za malo, choncho nkofunika kufunsa ku ofesi ya boma ku Fingoe m'mene zinthu zilili tsiku la msonkhanolo.

Kugawana phindu ndi alendo si nkhani yatsopano m'chigawo cha Tete. Pakati pa zaka za m'ma 1990, ku Bawa kufupi ndi Zumbo kunayamba ntchito ya Tchuma Tchato, imene inakonza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zolipiridwa ndi osaka nyama lizibwerera ku midzi. Midzi ina inagula zigayo ndi ndalama zimenezo. Amene anakhalapo pa misonkhano yake akukumbukira kuti chovuta sichinali kulonjeza, chinali kutsata ndalamayo chaka ndi chaka mpaka ifike.

Pa msonkhano wofunsa anthu pamalembedwa chikalata chimene pa Chipwitikizi amati acta, ndipo oimira mudzi amasainapo. Zimene zalankhulidwa pansi pa mtengo koma sizinalowe m'chikalatamo zimauluka ndi mphepo. Njira yopita ku madzi idzadutsa pati, asodzi adzakocheza pati mwera ukawapeza pakati pa nyanja, ndi antchito angati adzachokera m'mudzi ndipo pa ntchito zanji, ndani adzaphunzitsidwa kuphika ndi kuyendetsa boti m'malo mongosenza miyala, malo a mizimu ndi manda otsala pamtunda adzasungidwa bwanji: zonsezi zimafuna inki, ndipo pepala lina litsale m'manja mwa mudzi.

Pakali pano tizilumba tambiri ta ku Maravia tikadali ta asodzi. Amamangapo misasa ya udzu, kuyanika nsomba pa miyala, nagona masabata osaona kwawo. Usiku kukada, maboti a kapenta amayatsa nyali zawo pakati pa nyanja, mzere wautali ngati mudzi woyandama, wofanana ndithu ndi uja alendo a ku Likoma amaujambula ali pa tebulo. Kapentayo nayenso ndi mlendo: kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, anamuika mu Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo anatsika yekha ndi madzi a Zambezi mpaka kudzakhazikika pamwamba pa minda yakale ija.